Mvula Inagwa Kwina

Kuno ku Makhanga madzi amafika kumwamba kuli ngwee.
Kopanda mtambo, kopanda bingu,
mbuzi zili wefuwefu pansi pa msangu,
koma Ruo wafiira kale,
wasenza nthochi za eni, chitseko, nkhuku yotupa.
Mvula yake inagwa dzana ku Mulanje,
pa madenga a anthu amene sitiwadziwa mayina.

Ndatha zaka makumi anayi m'chigwa muno
osadziwa kuti nanenso ndimadzaza chomwecho.

Lachiwiri lija Nyamazao anangofunsa,
"Mbatata ija mwagulitsa zingati?"
Funso lopanda minga.
Ine ndinasefukira.
Chikho chinauluka, mawu anga anakokolola bwalo lonse,
Tembenuka anakabisala kuseri kwa khola
atagwira m'kamwa mwana wa mbuzi kuti asalire.

Usiku umenewo ndinakakhala m'bwato lomangirira.
Udzudzu unandidya, ndinaulola.
Kutsidya mvuu inkafwenthera ngati munthu wokana mlandu.
Ndinadzifunsa: iwe Fulukiya,
lero kunja kunali ngwee.
Nanga mvula imeneyi inagwa kuti?

Ndinapalasa chokwera, chaka ndi chaka,
mpaka pa sikelo ya thonje ku Bangula.
Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
thumba la kabudula labooka,
tambala khumi zapita mumchenga.
Bambo aima, lamba ali m'manja.
"Zingati?"

Liwu lomwelo.
Bambo anagona kalekale, manda awo madzi anafafaniza,
koma mvula yawo ikutsikabe.

Dimba langa lilinso ndi mlandu wanga.
Ndinatema bango la pagombe kuti ndionjezere mizere isanu ndi umodzi.
Ndinkati ndi udzu waulesi, wodya malo.
Mtsinje unabwera, unatenga isanu ndi umodzi ija,
unatenganso ina khumi ya chiwongoladzanja.
Ndinautukwana mwezi wathunthu
chikwanje chili pakhonde, chete, chikundidziwa.

Tsopano nyumba ili kumphala.
Dimba ndimachita kubwereka:
madzi akaphwa ndimatsika ndi mbewu,
matope akuda amene asiya ndimalandira ndi manja awiri,
nthawi yawo ikakwana ndimachoka osatsutsa.
Bango laphukanso. Ndimalilambalala.
Mpheta zamangamo, ng'ona nayonso yabwerera,
sitikondana, koma timadziwana maola.

Mtsinje sunama, umatuma mithenga.
Thovu loderako, fungo la dothi lachilendo,
nyerere zokwera mtengo zitasenza mazira.
Anganso amithenga ndayamba kuwazindikira:
khutu lakumanzere limatentha,
nsagwada zimauma,
ndimayamba kuwerenga zolakwa za anthu ngati ndalama.
Zikatero ndimatenga chigubu, ulendo kumjigo,
ngakhale mitsuko yonse ili yodzaza.
Anyamata amaseka bambo wotunga madzi masana.
Aziseka.

Sikuti ndachira.
Mwezi wathawu amithenga anafika ine ndili m'tulo,
ndinadzuka nditaswa kale mbale.
Chigwa sichisanduka phiri chifukwa chadziwa dzina lake.
Chimangophunzira poika mbuzi,
pomanga nkhokwe,
ndi malo oti madzi adutse osapeza mwana.

Dzulo Nyamazao anafunsanso.
Anaima pafupi ndi khomo, phazi limodzi panja,
ndipo phazi limenelo linandipweteka kuposa lamba.
"Zingati?"
Ndinamva madzi akukwera, akakolo, mawondo.
Ndinayang'ana msangu, wayoyola masamba dzinja lino
monga umachitira, mitengo ina yonse ikubiriwira,
osapepesa kwa aliyense.
Ndinapuma kawiri.
"Zinayi ndi theka. Dengu limodzi labwerera."

Anadikira.
Nanenso ndinadikira.
Madzi anaima m'mawondo, akunjenjemera.
Kenako anabweza phazi lija m'nyumba
nati, "Labwereralo tiphika mawa."

Tembenuka anali pakhola.
Mwana wa mbuzi uja wakula, ali ndi tinyanga.
Analira mokweza,
palibe anamugwira pakamwa.